Dzina la Mwana wa Rakera

Noreen Tasker anafika pachilumba chathu cha Nonouti ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, atavala chipewa chachikulu ngati lichero, ndipo tonse tinati sadzatha miyezi itatu. Tinali titawaona ambiri a mtundu wake. Amabwera kuchokera ku Australia kapena ku New Zealand mongodzipereka, amawerenga zimbudzi zathu, amajambula ana, kenako m'mimba mukawapota kawiri amayamba kufunsa tsiku la ndege. Noreen m'mimba munamupota ndithu, koma za ndege sanafunse. Anali mzamba wopuma pantchito, mkazi wamasiye wopanda mwana, ndipo anabwera kudzathandiza nesi wathu Tokarei kwa zaka ziwiri pakachipatala ka kumpoto kwa chilumba.

Chaka chisanathe anali atataya nsapato, akudya nsomba yaiwisi ndi kokonati ngati wobadwira kuno, akulankhula chinenero chathu mopotoza lilime koma momveka. Amayi anamukonda chifukwa manja ake anali ofatsa, ndipo sankakalipira munthu ali pa ululu. Nkhondo yake inali imodzi yokha, yolimbana ndi mkaka wa m'chitini. Akapeza botolo pakamwa pa khanda, mayi wa khandalo ankamva ulaliki mpaka makutu kutentha.

Mwezi wake woyamba, akutsuka zida, Tokarei anamutsina khutu za bubuti. Bubuti ndi pempho, koma si pempho wamba. Munthu akabwera pakhomo pako, n'kukhala pansi, n'kunena mawu amenewo, sungamukanize, kaya akufuna mbedza, kaya njinga, kaya bwato limene unalisema chaka chathunthu. Umapereka ukumwetulira, kulira ukalirira kuseri kwa nyumba. Wokana amayenda ndi manyazi mpaka kumanda, n'chifukwa chake munthu wamakhalidwe sapempha chisawawa. Ndipo m'mudzi mwathu muno, wopempha kuti khanda litchedwe dzina lake ndiye kuti wapempha khandalo. Limayamwa kaye pang'ono kwa mayi ake, kenako amakalipereka kwa mwini dzina kuti likhale lake. Noreen anamvetsera bwino lomwe, mpaka analemba m'kabuku kake.

Chaka chachiwiri, m'mwezi wa Malichi, anabwera naye Rakera pachipatala dzuwa lili paliwombo. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wa pachilumba cha Beru, wokwatiwa kuno, wosalankhulalankhula. Mwamuna wake Baraniko anali kutali, akugwira ntchito m'sitima zikuluzikulu za katundu monga anyamata athu ambiri, choncho Rakera ankakhala ndi apongozi ake, a Kautu. Tsikulo anali pa ululu wobereka, mimba yake yoyamba, ndipo inavuta. Mwana atatuluka sanalire. Anali wamkazi, wotuwa, wofooka ngati nsalu yonyowa. Tokarei anayang'ana kumbali, chifukwa ana otero anali atawaonapo. Noreen anamupukuta, kumusisita kumsana, kumupopera mpweya, osasiya, thukuta likugwera pamagalasi. Panapita nthawi imene munthu wina akanataya mtima. Kenako kamwanako kanatsokomola, n'kulira mokwiya ngati akadzutsa ku tulo tabwino.

Noreen anali atalandira ana oposa chikwi m'manja mwake, ndipo onsewo anawapereka kwa eni ake mosanyinyirika. Uyu anamupereka manja akukana. Masiku awiri otsatirawo ankangomva kulemera kwa mwanayo m'mikono, ngakhale akusesa kapena kuwerenga mapiritsi. Ankamufuna mwanayo, ndipo ankadziwa kuti akumufuna.

Tsiku lachitatu anapita kwa a Kautu kukaona mchombo. A Kautu anali msodzi wokalamba, wa mano atatu ndi phwete lalikulu, munthu woti ukadutsa pakhomo pake suchoka osamwa kanthu. Mchombo unali bwino. Noreen anafunsa ngati mwana wapatsidwa dzina, ndipo iwo anati ayi, akudikira kumva maganizo a bambo wake. Pamenepo Noreen anakhala pansi bwinobwino pamkeka, anapinda miyendo monga amachitira wopempha, nati wabwera ndi bubuti, mwanayu atchedwe Noreen. Mawuwo anatuluka mosakhumudwa ngati okonzeratu, ndipo kunena zoona anali atawakonzeratu.

Kenako a Kautu anawomba m'manja, nkhope yonse ikuwala.

"Mwatilemekeza, amayi. Mwana amene munakamulanda kwa akufa, ndani wina angamutenge?"

Amayi a pabanjapo anavomereza, wina anathamangira kukatsegula kokonati. Rakera anali atagona pakona ndi mwana wake, ndipo anangoyang'ana mkeka.

Nkhani inafika kuchipatala Noreen asanafike. Anapeza Tokarei ataima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Amayi, kodi kabuku kanu kaja kananyowa ndi mvula?"

"Ndangopempha dzina, Tokarei."

"Inu mwapempha dzina, iwo amva mwana, ndipo inu mukudziwa zimenezo. Bwererani lero lomwe mukanene kuti lilime linaterereka. Mzungu timamukhululukira tsiku loyamba, timati ndi umbuli. Pakapita sabata, basi, yatha."

Noreen anati apita mawa. Mawa lake kunabwera mayi wina wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, mkuja kunagwa mvula. Zifukwa sizisowa kwa munthu amene sakufuna kupita. Mumtima ankadziuza kuti mwanayo adzaphunzira sukulu zabwino, adzamwa madzi oyera, adzaona dokotala nthawi iliyonse, ndiponso kuti Rakera ndi wamng'ono, adzabereka ena. Zonsezi zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamugwira mosavuta. Sabata inatha. Baraniko anatumiza mawu kuti mawu a bambo ake ndi mawu ake.

Mwana atakwanitsa miyezi itatu anabwera naye. Unali mdipiti wa banja lonse, atavala nkhata za maluwa, akuimba, atanyamula mkeka watsopano, botolo la mafuta a kokonati ndi nsomba zouma. Rakera ananyamula mwanayo yekha kuchokera kwawo mpaka pakhomo la kanyumba ka Noreen kuseri kwa chipatala. Anamuika m'manja mwa Noreen akumwetulira monga mwambo umafunira, ndipo anthu anati mtsikana wa ku Beru analeredwa bwino.

Tisabise, Noreen anasangalala. Sanasangalalepo chotero chimwalirire mwamuna wake, mwinanso chibadwire. Ankamusambitsa mwanayo m'beseni la pachipatala, kumudzoza mafuta, kumuimbira nyimbo za kwawo zimene ankaganiza kuti anaziiwala kalekale. Akamayeza amayi oyembekezera, mwanayo ankagona m'katoni pansi pa tebulo, ndipo amayi ankamuseka kuti wabereka ali ndi imvi. Iye ankaseka nawo, mtima uli mbee.

Rakera ankabwera katatu pa tsiku kudzayamwitsa. Ankaima panja n'kuodira ngati mlendo, ndipo akaloledwa kulowa ankafunsa kaye ngati angamunyamule. Akamaliza ankamubweza, kuthokoza, n'kumapita osacheuka. Noreen zimenezi zinkamubaya pang'ono, koma ankaziponya kunkhongo. Ankamupatsa Rakera sopo, nthawi zina nsalu, ndipo Rakera ankathokozanso.

Nthawi ya Noreen pachilumba inali itatsala miyezi yochepa. A Kautu anali atayamba kale kufunsa za mapepala a mwana ku Tarawa, likulu la dziko lathu, ndipo ankauza aliyense wodutsa kuti mdzukulu wawo adzakwera ndege asanayambe kuyenda. Amayi achikulire a pabanjapo anakhala pansi n'kuona kuti mwana wa paulendo sangapite ndi bere la mayi ake m'thumba, ayenera kuzolowera botolo. Rakera anasiya kubwera masana, kenako m'mawa, kenako anasiyiratu. Noreen, mdani wa zitini uja, anaitanitsa katoni ya mkaka pa ndege ya Lachinayi, n'kuibisa pansi pa bedi ngati kuti pachilumba chino pali chinthu chobisika.

Tsiku la sikelo limachitika kamodzi pa mwezi, pansi pa mtengo waukulu pakhomo la chipatala. Amayi amabwera ndi ana, kukhala pamikeka, kumva phunziro, kenako ana amakwezedwa mmodzimmodzi. Mwezi umenewo Rakera anabwera m'mamawa n'kudzipereka kuti azikoleka ana pasikelo. Palibe anamutuma, ndipo palibe anafunsa chifukwa chake, popeza tonse tinkachidziwa. Anali atawonda, ndipo pachifuwa pake panali pophwatalala modabwitsa.

Noreen anaimirira ndi chithunzi chake cha nthawi zonse, cha mayi akuyamwitsa, nayamba phunziro limene analiphunzitsa kambirimbiri. Mwana aziyamwa bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, osamupatsa madzi, osamupatsa chitini. Kumbuyo kwake Tokarei anali atakhala pabenchi ndi Noreen wamng'ono, wa miyezi isanu, akulimbana naye kuti alandire botolo.

Mayi wina wa pakamwa, dzina lake Teiti, anakweza mkono ngati mwana wa sukulu.

"Amayi, bere lokha mukuti? Nanga wanuyo akuyamwa bere la mtundu wanji? Tiuzeni sitolo yake, nafenso tikagule, athuwa atopa."

Amayi anaseka chikhakhali. Mwana anadzidzimuka, analavula botolo, nayamba kulira mokweza. Phwete lija linazirala pang'onopang'ono, chifukwa maso onse anali atapita kwa Rakera. Anali ataima pafupi ndi sikelo, manja ali m'mbali. Pamalaya pake panaoneka madontho awiri, ndipo ankakula anthu akuona. Apa m'pamene Noreen anazindikira chifukwa chake chifuwa chinali chophwatalala. Anamumanga nsalu zolimba kuti mkaka uphwe, koma mkakawo unamva kulira kwa mwana n'kudutsa nsalu zonsezo. Mwana anali pamtunda wa mapazi asanu okha. Rakera sanasunthe, chifukwa mwanayo sanali wake ndipo palibe anamuloleza.

Noreen anayesa kupitiriza phunziro koma analephera. Anachita manyazi amene sanawachitepo m'moyo wake wonse, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha, chifukwa anadziwa kuti mwanayo amutaya. Anapinda chithunzi chija, nauza Tokarei kuti amalize yekha.

Madzulo dzuwa lisanalowe anapita kwa a Kautu. Anawapeza akusoka ukonde pansi pa migwalangwa ya kokonati, ndipo anamulandira ndi nthabwala monga mwa masiku onse, kumufunsa ngati mwana wake wayamba kulankhula Chingerezi. Noreen sanapite m'mbali. Anati akufuna kubweza mwana kwa mayi ake.

Singano inaima. A Kautu anafunsa ngati mwanayo akudwala, kapena ngati amalira mopitirira, kapena ngati wina wa pabanja pawo wamulankhulira zoipa. Noreen anakana zonsezo.

"Ndiye mwamupeza ndi chiyani, amayi? Mwana si ndowa yobwereka. Mukamubweza, anthu adzati mzungu anamuyang'anitsitsa ndi zida zake n'kumupeza ndi chilema. Adzakula akumutcha wokanidwa. Pokwatiwa adzamukumbutsa, ana ake adzawakumbutsa. Ine ndakalamba, manyazi anga ndipita nawo posachedwa, koma iyeyo angoyamba kumene."

Sanakweze mawu, ndipo m'maso mwawo munali misozi. Noreen anafunsa ngati Rakera anafunsidwapo maganizo ake pa nkhani yonseyi. A Kautu anamuyang'ana modabwa, chifukwa funsolo linalibe mutu. Bubuti ikanenedwa, ufunsanso ndani, ndipo kuti ayankhe chiyani? Anatolanso singano yawo, ndipo Noreen anabwerera wopanda yankho.

M'mawa mwake Tokarei anabwera ndi nzeru. Anati njira ilipo yoti aliyense atuluke nkhope ili yoyera. Noreen apite kwa a Kautu ndi bubuti ina, apemphe kuti Rakera amulerere mwana wake, anene kuti mapepala avuta kapena kuti kwawo kukuzizira. Mwana akhalabe wa Noreen, dzina likhalabe lomwelo, koma azigona ndi mayi ake. Palibe wokanidwa, palibe wochita manyazi, ndipo Noreen atha kudzabweranso nthawi iliyonse n'kulandiridwa ndi nkhata za maluwa. Mtima wa Noreen unakhala pansi. Nzeruyo inamukomera kwambiri, chifukwa inkamusiyira kachigawo ka mwanayo.

Koma ulendo uno anati ayambe wamva kwa Rakera. Anamupeza pachitsime akuchapa, ali yekha. Anakhala pamwala n'kumufotokozera zonse monga anazikonzera Tokarei. Rakera anamvetsera akupitiriza kufinya zovala. Atamaliza kufinya malaya a apongozi ake, anafunsa ngati imeneyinso ndi bubuti.

"Ayi. Ndikufunsa zimene iweyo ukufuna."

Rakera anaika malayawo pambali.

"Mukapempha ndilera, amayi, ndipo ndilera bwino. Koma adzakhala wanu. Tsiku lililonse mungathe kutumiza kalata kuti abwere, ndipo ndidzamuveka maluwa n'kumuperekeza ku bwalo la ndege. Ndizidzalera mwana wanu khutu lili ku ndege. Pa sabata zimabwera ziwiri."

"Sindidzatumiza kalata."

"Mwina inu ayi. Koma ine ndidzadziwa bwanji?"

Kenako anatukula maso, ndipo aka kanali koyamba kumuyang'ana Noreen m'maso chibadwire mwana.

"Amayi, tsiku lija munkadziwa?"

Noreen akanatha kunama, ndipo Rakera akanavomera bodzalo mwaulemu. Koma Noreen anati inde, ankadziwa tanthauzo la pempho lake. Rakera anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale, n'kutola chovala china.

Noreen anabwerera kuchipatala n'kufunsa Tokarei ngati pali njira yoti mwana abwerere kwa mayi ake kotheratu, popanda chitonzo kumutsatira. Tokarei anati ilipo imodzi, koma sangaifunire ngakhale mdani wake. Manyaziwo sangasowe pogwera. Ngati sagwera mwana, ayenera kugwera wopemphayo, ndipo wopemphayo ayenera kuwasenza yekha pamaso pa mudzi wonse, mu maneaba momwe timasonkhana. Anamukumbutsa kuti pambuyo pake palibe mayi adzafune kuti iye agwire khanda lake, ndipo miyezi yotsalayo adzaitha akuwerenga mapiritsi. Anamukumbutsanso kuti pachilumba chino anthu saiwala.

Noreen anatenga masiku atatu. Sanagwire ntchito bwino masiku amenewo. Ankangokhala ndi mwanayo, kumusambitsa ngakhale sanade, kumununkhiza m'mutu. Kangapo konse anatsala pang'ono kubwerera ku nzeru ya Tokarei ija.

Maneaba ndi nyumba yathu ya misonkhano, denga lalikulu la udzu lotsika mpaka munthu kuwerama polowa, lopanda makoma. Banja lililonse lili ndi malo ake okhala, ndipo mlendo salankhulamo asanapatsidwe mpata. Lamulungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi n'kudya, Tokarei anapempha akuluakulu kuti mlendo wathu ali ndi mawu. Anthu anaganiza kuti akufuna kutsanzika kapena kuthokoza, ndipo ena anayamba kale kumwetulira. A Kautu anakhala mowongoka pamalo pawo.

Noreen anaimirira pakati ndi mwana m'manja. Analankhula m'chinenero chathu, pang'onopang'ono, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

"Akuluakulu, ndabwera kudzanena cholakwa changa. Mwambo wa dzina ndinkaudziwa. Anesi anandiuza mwezi wanga woyamba, ndipo ndinalemba. Ndinapita kwa a Kautu ndikudziwa kuti sangakane, ndikudziwa kuti Rakera sangakane. Sindinapemphe chifukwa chofuna kulemekeza banja lawo. Ndinapempha chifukwa ndilibe mwana ndipo ndinasirira wa mnzanga. Ndinatenga mwambo wanu wabwino n'kubera mwana kwa mayi wake ali pa chikuta. Mwanayu ndamuyeza ndekha, ndi wangwiro, alibe chilema chilichonse, ndipo sindikumukana. Ndikanatha ndikanapita naye. Koma si wanga, ndipo sanakhalepo wanga."

Kumwetulira kuja kunali kutachoka pankhope zonse. Mawu oti kuba ndi olemera kuno, munthu sawanena ngakhale kwa mdani wake pagulu, ndiye kumva munthu akudzinenera yekha kunachititsa ena kuweramitsa mitu ngati alakwa ndi iwo. Amayi awiri amene anakhala pafupi ndi mkeka wa Noreen anasendeza ana awo kumbuyo. Teiti, wa pakamwa uja, anali akulira.

Akuluakulu ananong'onezana, kenako anayang'ana a Kautu, popeza nkhani inali ya banja lawo. Nkhalambayo inachedwa kuimirira. Anali atauza chilumba chonse za mdzukulu wokwera ndege, ndipo tsopano anali atamva pagulu kuti anapusitsidwa pakhomo pawo pomwe. Sanamuyang'ane Noreen. Anati ngati mlendo wavomera ndi pakamwa pake kuti anapempha ndi mtima wakuba, ndiye kuti pakhomo pawo sipananenedwe bubuti, ndipo mwana sanaperekedwe kwa munthu aliyense. Anati aliyense amene adzatche mdzukulu wawo wokanidwa adzayankha kwa iwo, ndipo akadzafa adzayankha kwa Baraniko. Akuluakulu anavomereza. Atatero anakhala pansi, n'kutembenuzira nkhope kunyanja.

Rakera anadzuka pakati pa amayi a banja lake. Anayenda mowerama monga timayendera mu maneaba, mpaka anafika pamene panaima Noreen. Ulendo uno sanafunse. Noreen anamva mikono yake ikukana monga tsiku loyamba lija, ndipo anachita kuilamula kuti itseguke. Mwana anali akuyang'ana kudenga, akuseweretsa mkanda wa Noreen.

"Arirei," anatero Rakera chapansipansi. "Bwera, Arirei."

Mwana anasiya mkanda, anatembenuza mutu msanga, n'kutambasula manja. Noreen anali atamuitana ndi dzina loti Noreen miyezi iwiri yathunthu, m'mawa ndi madzulo, ndipo mwanayo sanatembenukepo chotero.

"Arirei ndani?"

"Ndi dzina la malemu mayi anga. Ndinamupatsa akadali m'mimba. Ndinkamuitana choncho pomuyamwitsa, inu mukatuluka."

"Sunandiuzepo."

"Simunafunse, amayi."

Rakera ananyamula mwana wake n'kubwerera naye kumalo a banja lawo. Noreen anatsala ataima pakati pa maneaba manja ali lende, ndipo palibe anamuuza kuti akhale pansi.